Kachingwe ka m'thumba mwa bambo

Bambo anga anakwera phiri kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Ine mwana wawo wamkazi ndinakwerako kamodzi kokha, ndipo ngakhale mutandilonjeza makina osokera atsopano, sindingabwererekonso. Ndine telala. Mantha anga amayambira pampando: babu ikapsa m'shopu, ndimaitana wometa tsitsi wa khomo loyandikana nalo kuti adzakwere iyeyo, ine n'kumangogwirizira mpandowo nditatsinzina.

Ntchito ya bambo inali yoperekeza alendo pamwamba pa phiri, pamwala waukulu pomwe amati munthu amaona dziko lonse lili pansi pake. Anayamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ngati wonyamula katundu, kenako anakhala wotsogolera. Dzina linali lotsogolera, koma iwo ankayenda kumbuyo kwa onse. Ankati ukakhala patsogolo umangoona miyala, pamene ntchito yawo inali yoona mmene anthu akuponyera miyendo. Khalidwe limeneli linawalowerera mpaka kunyumba. Tikamapita kumsika ankatsalira m'mbuyo, manja atapinda kumsana, ndipo malemu mayi ankatembenuka n'kuwafunsa kuti, "Kodi bambo a ana, ndasanduka mbuzi yokagulitsa?"

Anzawo onse ankawatchula kuti a Kachingwe, chifukwa m'thumba la jekete lawo simunkasowa kachingwe kofiira, kotalika ngati mkono, kothetheka chifukwa chogwiridwagwiridwa. Nkhani yake ndi iyi. Kumwamba kuja mpweya ndi wochepa, umapuma koma sukhuta. Anthu ambiri amangomva mutu ndi nseru. Koma ena matendawa amawalowa m'mutu: amayamba kudzandira ngati aledzera, kulankhula zopanda mutu, ndipo choopsa n'chakuti mwini wakeyo amalumbira kuti ali bwinobwino. Mankhwala ake ndi amodzi okha, kutsika nthawi yomweyo. Bambo ali wonyamula katundu anaperekezapo mphunzitsi wina wamphamvu zake, wa chifuwa ngati chitseko, yemwe ankati akumva bwino mpaka pamene anagwa. Anamutsitsa pamachira atauma kale, bambo atagwira chakumiyendo. Njira yonse ankangoyang'ana nsapato za munthuyo, n'kukumbukira kuti m'mawa wa tsikulo anamuona akulephera kumanga zingwe za nsapatozo, uku akudziseka yekha.

Kuyambira pamenepo bambo anasiya kufunsa anthu kuti akumva bwanji. Mlendo aliyense ankamuphunzitsa mfundo imodzi ali m'munsi mwa phiri: upinde, ulowetse, uzungulize, ubweze, ukoke. Ndiye pamalo aliwonse opumulira ankatulutsa kachingwe kaja n'kupatsa aliyense kuti amange. Wolephera kawiri ankatsika basi, kaya ndi dokotala, kaya ndi msilikali, kaya mwala uja ukuonekera apo. Anthu anawatukwanapo, ena kuwalirira, koma m'zaka zonsezo bambo sananyamulenso mtembo. Ife ana tinaiphunzira mfundoyo tisanadziwe n'kulemba komwe. Phirilo ndiye sanatitengereko. Ankati kumeneko ndi kuntchito, ndipo mwana wa dokotala sapita kukaseweretsa mipeni ya opaleshoni.

Mayi atamwalira, maondo a bambo n'kuyambanso kuvuta, ndinawatenga kuti azikhala nane kutauni, kuchigwa kotentha komwe phiri umaliona pakalendala pokha. Anakhala zaka zitatu pakhonde la shopu yanga, akuona mmene anthu odutsa akuyendera. "Uyo chiuno chikumupweteka," ankatero. "Uyo nsapato wabwereka." Kenako anayamba kulakwitsa, n'kumapatsa moni mitengo ya magetsi. Dokotala wa maso anatiuza mosapita m'mbali kuti vuto lawo si la ng'ala yochotsa, ndipo kuti pakatha chaka aziona mdima ndi kuwala basi.

Titafika pashopu anati, "Atelala, ndinaonetsa malo aja anthu osawerengeka, ena sindikuwakumbuka n'komwe. Anga okha ndiwo sindinawaonetse. Tiye maso adakalipo."

Ndinakana, ndinakalipa, ndinawakumbutsa za mpando ndi babu. Koma munthu akakupempha ndi maso oti akutha, pakamwa pamalemera. Ndinavomera, n'kuikapo mfundo yanga: ndinali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi, ofunika Lachisanu, ndiye Lachinayi tikhale titabwera. Ichi ndimachinena poyera chifukwa ndi mbali yanga ya mlanduwu. Amene anawafulumizitsa bambo ndi ineyo.

Galimoto inatisiya pachipata cha nkhalango Lachiwiri m'mawa. Tinayenda tsiku lonse m'mitengo, kenako mitengo inatha, kunatsala udzu ndi miyala. Madzulo tinafika pakanyumba ka matabwa komwe okwera phiri amagona. Mlonda wa pamenepo, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, atawaona anataya nkhuni zomwe ananyamula n'kuwakumbatira. Anatiphikira tiyi, ndipo awiriwo anayamba kuwerengetsana anzawo omwe anatsogola. Bambo atanena kuti mawa tikukwera, mlonda uja anasiya kutakasa shuga.

"Mawa? A Kachingwe, lamulo lanu lija mwalisiya kutauni? Si inu munkati munthu wochokera kuchigwa agone pano masiku awiri kuti thupi lizolowere?"

"Lamulo limenelo ndi la alendo," anatero bambo akuseka. "Mwanayu ndi magazi anga, ndipo ndizimuyesa paliponse. Akalephera titsika."

"Nanga inuyo?"

"Ine? Iwe, ndinayamba kukwera phiri lino usanamere ndevu zimenezo."

Mlonda anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana m'kapu, ndikuganiza za madiresi. Palibe mwa ife amene ananena chinthu choonekeratu, chakuti munthu wokhala kuchigwa zaka zitatu wasanduka mlendo ngati wina aliyense.

Tinanyamuka dzuwa litangotuluka. Ola loyamba linali labwino ndithu. Pamalo opumulira oyamba anatulutsa kachingwe, ndinamanga osayang'anako, iwo anati, "Eya, zala za telala." Pachiwiri mutu unayamba kundigunda chakutsogoloku, ndipo masitepe khumi okha ndinkakhala ndili wefuwefu. Bambo anandilanda chikwama n'kuchisanjika pa chawo. Ndinawakaniza, koma iwo anati ananyamulapo mbaula yachitsulo panjira yomweyi, chikwama cha masiwiti ndi mabotolo awiri sichingawaopse.

Kenako tinafika pamalo omwe mpaka lero ndimawalota. Njira imadutsa pamsana pa phiri, yopapatiza ngati tebulo langa lodulira nsalu. Kudzanja lamanja kuli khoma la mwala, kumanzere kulibe kanthu. Ndikati kulibe kanthu ndikutanthauza zomwezo: ndinasuzumira kamodzi, ndinaona mbalame ikuuluka m'munsi mwa mapazi anga. Ndinayenda chokhulira phewa kukhoma, ndikupemphera mapemphero opanda chiyambi, mphepo ikundikoka jekete. Chokhacho chinkandilimbitsa mtima chinali phokoso la nsapato za bambo kumbuyo kwanga.

Ndipo ndi phokoso lomwelo limene linasintha. Ine ndimakhalira kumva makina, ndimadziwa singano ikayamba kudumpha ndisanaone n'komwe nsalu. Mapazi a bambo sankagundanso mofanana. Linkamveka limodzi, kenako kukhwekhwereza, kenako awiri ofulumira. Nditatembenuka, ndinawapeza ali cha kumphepete, akuyenda ngati munthu wochokera kumowa, chipewa chili pambali.

"Bambo, sunthirani kuno!"

"Yang'ana kutsogolo, mayi," anatero. "Ine ndili bwino."

Mawu amenewo anandiopsa, chifukwa nkhani ya mphunzitsi uja ndinaimva kambirimbiri. Titafika pamalo otambalala pang'ono, pomwe pali mwala wokhalapo, ndinawayang'anitsitsa. Milomo yawo inali itada mwachilendo. Jekete lawo, lomwe mabatani ake ndinasokerera ndekha sabata imeneyo, anali atalimanga mopingasa, batani lachitatu m'bowo lachiwiri. Bambo anga, munthu woti ankabweza mlendo chifukwa cha lamba wokhota wa chikwama.

"Tamwani madzi," ndinatero.

"Amayi a ana, wauza anyamata aja kuti anyamule mahema?"

Mayi anali atagona m'manda zaka zitatu. Panalibe anyamata, panalibe mahema, tinalipo awiri ndi mphepo. Ndinatulutsa foni, inalibe netiweki ngakhale kadontho.

"Bambo, ndine mwana wanu. Tandipatsani kachingwe kaja."

Anakatulutsa mochedwa, akufufuza m'thumba lolakwika. Ndinakalandira n'kukabweza m'manja mwawo. "Tamangani inuyo."

Nkhope yawo inasintha. M'zaka makumi atatu ndi zinayi panalibe munthu anawauzapo mawu amenewo. "Ukundiyesa ine? Iwe? Mfundo imeneyi unaidziwira kuti?"

"Kwa inu. Tangomangani, ndione."

Anapinda. Analowetsa. Kenako zala zinaima, zikungoyendayenda pachingwe ngati zasochera. Anayambiranso, kachingwe kanagwera pansi. Anakatola, n'kukaika m'thumba.

"Zala zazizira basi," anatero. "Tiye. Mwala uja ndi uwo, mphindi makumi awiri tafika."

Unkaonekadi, wakuda, uli pamwamba pa kanjira kena kopapatiza kuposa komwe tinadutsa. Ndinawagwira mkono, ndinawachonderera, ndinalira, ndinawakalipira mawu omwe mwana sayenera kuuza kholo lake. Ndinawakumbutsa lamulo lawo lomwe. Anandikankha dzanja n'kuimirira, ndipo poimirirapo anapepesuka mpaka phazi limodzi linagwetsera timiyala kuphompho. Sindinamve pomwe tinakagwera. Bambo ndi aatali, olemera kundiposa kawiri. Kuwakoka sindikanatha, ndipo kulimbana nawo pamalo ngati amenewo kukanatigwetsa tonse. Kuthamangira kwa mlonda kunali kuwasiya okha maola anayi. Ndinasowa pogwira, ndinangodziwa kuti akaponda kanjira kachiwiri kaja ndibwerera kunyumba ndekha.

Ndili kakasi choncho, maso anga anagwera pansonga yofiira ya kachingwe yomwe inkasuzumira m'thumba lawo. Ndinawadziwa bambo anga. Chifukwa cha iwo eni sakanatsika, ngakhale kumwamba kukanang'ambika. Koma panali chinthu chimodzi chomwe sanachiphwanyepo chiyambire.

"Chabwino, tiyeni," ndinatero. "Koma pano simunandiyese."

Anaima. Ntchito inawakumbutsa zomwe mutu unali utaiwala. Anandipatsa kachingwe.

Ine ndimamanga mfundo mazanamazana patsiku, zina ndi dzanja limodzi, uku ndikukangana ndi kasitomala. Kulephera dala kunali kovuta kuposa mmene mungaganizire, zala zinkafuna kumaliza zokha. Ndinapinda, ndinalowetsa kolakwika, ndinakoka, chingwe chinangosololoka.

"Bwereza," anatero bambo, ndipo mawu awo anali atasintha, anali a kuntchito.

Ndinabwereza. Ndinazunguliza kawiri, ndinakagwetsa, ndinatola, n'kuseka pang'ono monga ankasekera mphunzitsi wa m'nkhani yawo. "Zala zazizira basi, bambo. Ndili bwino. Tiyeni tikafike."

Anayang'ana mwala uja nthawi yaitali, akutsinzinira kuti auone bwino. Kenako anandilanda kachingwe.

"Titsike," anatero. "Pompano. Usandiyankhe."

Anandigwira mkono kuti andichirikize. Ine ndinalowetsa dzanja kumsana kwawo n'kugwira lamba wa buluku, ndipo pobwerera pamsana paja ndinawaika iwo kukhoma, ine n'kuyenda kumbali ya phompho. Ine amene ndimaopa mpando. Sindinayang'ane pansi, ndinkangoyang'ana batani lawo lopingasa lija, ndikuwerenga masitepe mokweza. Mitambo inakwera kuchokera kunsi n'kutikuta, moti sindinkaonanso pomwe njira yathera. Kawiri konse anatsetsereka n'kundigwera ndi thupi lonse, ndipo kachiwiriko bondo langa linagunda m'mphepete mwenimweni, phazi lili lende m'malere. Ndinakuwa, koma mawu anangothera mumphepo. Iwo ankangoti, "Limba mtima, mayi, ndakugwira. Palibe anandiferapo ine."

Titadutsa pamenepo anasanza, n'kukhala pansi, n'kunena kuti akufuna agone pang'ono. Apo ndiye ndinaopa kuposa paphompho paja. Ndinadziponya pansi n'kuyamba kubuula kuti mutu ukundiphulika, kuti sindikuona bwino, kuti andifikitse kwa mlonda. Anadzuka. Katatu konse anafuna kugona, ndipo katatu konse ndinadwala mwakayakaya mpaka anadzuka. Zikwama zonse ziwiri ndinazisiya pamwala, ndipo sanazindikire n'komwe.

Tinafika pakanyumba kaja dzuwa litapendeka. Mlonda anatiyang'ana kamodzi kokha, anaona amene wagwira mnzake ndani.

"Mwanayu wadwala," anatero bambo, lilime likulemera. "Walephera kawiri. Tipitirire kunsi."

"Zoonadi, wadwala kwambiri," anayankha mlonda, akuvala nsapato msangamsanga. "Bwerani ndikuthandizeni kumugwira." Analowa pansi pa phewa la bambo, ine mbali inayi, ndipo tinatsika nawo choncho mpaka m'mitengo. Chodabwitsa n'chakuti tikamatsika munthu ankabwerera. Pofika pachipata cha nkhalango anali atanditchula dzina langa, n'kufunsa komwe kwapita zikwama. Anagona m'chipatala masiku atatu. Dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti tikanachedwa maola ochepa, bwenzi tikukamba zina. Madiresi aja ndinapereka Loweruka m'mawa, mipendero ndikumalizira operekeza mkwatibwi atavala kale.

Papita zaka ziwiri tsopano. Maso a bambo anatha monga ananenera dokotala. Amakhalabe pakhonde la shopu, ndipo anthu odutsa amawazindikira ndi makutu. Koma anapeza ntchito yatsopano, yondichititsa manyazi. Kasitomala aliyense wodikira chovala amamva nkhani ya mmene mwana wawo, telala wathunthu, analepherera kumanga mfundo pamwamba pa phiri, ndi mmene iwo anamutsitsira atamugwira mkono, mwala utatsala mphindi makumi awiri. Wometa tsitsi amandifunsa m'mawa uliwonse ngati ndikufuna andimangire zingwe za nsapato. Ine ndimangomeza, chifukwa ndinalumbira mumtima kuti sindidzawalanda nkhani imeneyi. Ndinawalanda kale mwala wawo.

Mwezi watha anaifotokozera mayi wina wobweretsa makatani, n'kuwonjezera kuti ndinkalira ngati mwana wa mbuzi. Tsiku limenelo makina anali akudula ulusi, kutentha kunali kosaneneka, ndipo mayiyo atatuluka ndinaphulika.

"Bambo, kodi nkhani imeneyi sidzatha? Tauni yonse ikundiseka ine!"

Anapitiriza kupotokola kachingwe kaja m'manja. Amakamangabe ndi kukamasula tsiku lonse, osaona.

"Atelala," anatero, "ine ndaona anthu oposa zana akulephera mfundo imeneyi. Wodwala amayang'ana chingwe, amadabwa nacho, amakwiya nacho. Iwe chingwe sunachiyang'ane ngakhale kamodzi. Unkayang'ana ine."

Phazi langa linachoka pachopondera makina.

"Zambiri za tsiku limenelo sindizikumbuka," anapitiriza. "Koma zimenezo ndinaziona. Ndinaonanso mbali yomwe unayenda pobwerera."

"Ndiye mumadziwa? Nthawi yonseyi? Nanga bwanji mumauza anthu zabodza?"

Anatembenuzira nkhope kumsewu, komwe saonako kanthu.

"Yoonayo ndinayesapo kuifotokoza, kwa mlonda uja, atabwera kudzandiona kuchipatala," anatero. "Ndinangofika pakuti mwana wanga amaopa mpando. Kupitirira apo mawu amakana."

Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena kuti fumbi la m'tauni muno lawonjeza. Ine ndinayesa kulowetsa ulusi pasingano, ndinalephera kawiri, ndipo ulendo uno sikunali dala.